Masiki a Kumapazi

Munthu akakuuzani kuti Mmalawi ndi Mzambiya amamvana chilichonse, mumutumize kwa ine ndidzamufotokozere bwino. Koma ndisamunamizire Tembo. Mawu amene anatisokoneza sanali a kwawo ku Chipata kapena a kwathu ku Ntaja. Anali obwereka kwa azungu, ndipo aliyense wa ife anawabwereka pa zake.

Inali nthawi ya korona, ija tonse kuno ku Dubai tinkayenda titatseka pakamwa ndi pamphuno. Kansalu kotsekera kaja timati masiki, aliyense akudziwa. Tsono kuli matabwa aatali aja amene azungu amamanga kumapazi n'kumatsetsereka nawo pa chipale chofewa kumapiri. Limodzi eni ake amati ski, ndiye munthu wa kwathu akafuna kuwachulukitsa amaika ma patsogolo. Tatchulani mofulumira mumve. Eya, masiki. Ine Saidi, dalaivala wa banja lina la ku Al Twar, ndinayenda ulendo wautali kuposa onse amene ndayendapo m'dziko lino chifukwa cha mawu amenewo.

Tembo ndinkagona naye chipinda chimodzi ku Satwa, chipinda chodzaza amuna ndi zikwama. Ankagwira ntchito kumalo aja ozizira a m'kati mwa mall yaikulu, kumene amapanga chipale ndi makina kuti anthu a m'chipululu alaweko chisanu. Ine ndinkangodziwa kuti amagawa majekete ndi nsapato kwa alendo, basi. Korona itavuta anachepetsa antchito, iye ali m'gulu lomwelo. Anayesa kutsuka magalimoto, anayesa kunyamula katundu wa osamuka, koma palibe amene ankamulemba ntchito yeniyeni, ndipo viza yake inali pafupi kutha. Ikanatha, kunali kubwerera ku Chipata chimanjamanja, kumene mkazi wake ndi ana ankayembekeza iye yekha.

Tsiku lina ndikuvula nsapato anandikhalira pafupi n'kutsitsa mawu.

"Ba Saidi, nifuna thandizo. Kuli muzungu ku Ruwais agulitsa masiki, manje achoka m'dziko Sande. Nikapeza masiki aja, ndiye kuti napeza nchito."

"Ntchito yanji?"

"Nizakuuzani ikapsa. Chakudya chili pamoto sitiitanira anthu."

Mutu wanga unathamanga wokha. Mzungu akutseka bizinesi, ali ndi makatoni a masiki, Tembo akufuna aziwagulitsa m'mashopu. Ndinati mwana uyu ali ndi nzeru. Ndinafunsa ngati munthu wodziwa malonda kuti masikiwo ndi otani.

"Nifuna otambalala," anatero. "Ofewako, osati olimba maningi. Ofika pamphuno, olo pachipumi."

"Pachipumi? Ndiye uziona bwanji?"

Anandiyang'ana ngati ndamwa mankhwala olakwika. "Kuona niona chabe, ba Saidi."

Ndinangoganiza kuti ndi aja a pulasitiki oonekera, ovala anamwino kuchipatala, nkhani n'kuthera pompo.

Bwana wanga ndi munthu wabwino. Nditapempha galimoto kuti ndiperekeze mnzanga Loweruka, anati nditenge yaikulu chifukwa msewu wa ku Ruwais ndi wautali. Ine, mwa nzeru zanga zonse, ndinati shukran, zikomo bwana, musavutike, kakang'ono kaja kokagulira ndiwo kakwana, katundu wake ndi wopepuka. Mpaka ndinamuonetsa ndi zala kupepuka kwake.

Nkhani ku Satwa sigona. M'mawa mwake Anti Halima anali atamva kale. Anti Halima ndi a ku Liwonde, amasoka pa telala wina pamsewu wa nsalu, ndipo nthawi imeneyo shopu yonse inkapuma chifukwa cha masiki a chitenje amene iwo ankasoka. Anandiimitsa panjira.

"Che Saidi, ndipita nawo. Ndikaone masiki a azungu amene munthu mpaka kuwalondola ku Ruwais. Ndikangoona kasokedwe kake kamodzi, khalas, basi, Lolemba ndikusoka anga."

Anti Halima sakanizidwa. Ndinangoti chabwino Anti.

Ruwais ili kutali kumadzulo kwa Abu Dhabi, ndipo masiku amenewo Abu Dhabi anali ataika chipata pamalire ake ndi Dubai. Osaonetsa pafoni kuti wayezedwa ndipo ulibe korona, sunkadutsa. Choncho ulendo wathu unayambira patenti yoyezera. Amene munayezedwapo mukudziwa. Kamtengo kaja kanalowa m'mphuno mwanga mpaka kukafika pomwe ndimasungira maina a achibale. Tembo anayetsemula katatu, nesi n'kulumpha. Anti Halima anagwira dzanja la nesi n'kumuuza m'Chichewa kuti mwanawe, kumeneko kulibe chako, bweza. Nesiyo anali wa ku Kerala koma anamva.

Loweruka tinanyamuka titangoswali ya m'mawa. Tembo, yemwe ndi Mkhristu, anatidikira panja pa mzikiti atakhalira chikwama chachikulu chakuda. Ndinaganiza kuti ndi choikamo katundu wake wa malonda, ndiye ndinangochiponya m'buti, ngakhale chinkalemera modabwitsa. Anti anabwera ndi fulasiki ya tiyi, mandasi m'kontena, ndi tepi yawo yoyezera m'khosi ngati akupita kukayeza mkwatibwi. Anakhala kutsogolo osafunsa. Tembo anapinda miyendo kumbuyo.

Nyumba zazitali za ku Downtown tinazisiya zikadali ndi magetsi. Titadutsa Jebel Ali tinalowa m'chifunga, chija cha nyengo yozizira chimene chimameza ngakhale lole ili patsogolo pako. Ndinatsitsa liwiro, Tembo n'kuyamba kudandaula kuti mzunguyo wanena kuti tikachedwa apereka kwa wina amene wakhala akuimba foni. Ndinamuuza kuti masiki sathawa, koma ife tikalowa pansi pa lole sitidzafunanso masiki a mtundu uliwonse.

Pa Ghantoot, pachipata paja, mzere unali wautali osaona kumene wathera. Tinkayenda pang'ono, kuima, kuyenda pang'ono, kuima. Ndipamene ndinati aliyense atsegule foni tione. Yanga inali bwino. Ya Tembo inali bwino. Ya Anti inkangozungulira.

"Anti, zotsatira zanu zinabwera?"

"Ndikudziwa ine? Nesi uja anatenga zimene anafuna, azibweza yekha."

Tinapatuka pambali pamene anthu a mavuto ngati athu ankadikira. Dzuwa linatuluka, chifunga chinayamba kusungunuka, foni ya Anti ikuzungulirabe. Pafupi nafe panali dalaivala wa lole wa ku Pakistan amene anati wakhala pamenepo kuyambira usiku. Anatipatsa tiyi wa karak wa m'kapu zapepala, ife tinamupatsa mandasi, ndipo anadya anayi akugwedeza mutu n'kumati bhai, bhai. Tembo sanadye. Ankazungulira galimoto, kuyang'ana foni yake, kuyang'ana ya Anti, kuyang'ana kumwamba. Ndinamuona kuti munthuyu wagwira mtima m'manja, ndipo ndinadabwa kuti makatoni a tinsalu angamudetse nkhawa chonchi.

Kenako anatenga foni ya Anti n'kuiyang'anitsitsa.

"Anti, bando yanu inasila liti?"

"Bando? Ine ndimagwiritsa ya kushopu. Ndigule bando ndili ndi ya ulere?"

Tinali titadikira nthawi yonseyo zotsatira zimene zinafika kalekale, zikungosowa khomo lolowera. Tembo anawalumikiza ku foni yake, uthenga n'kugwa pompo. Mpweya umene anatulutsa unakweza masiki ake mpaka m'maso.

Wapolisi wa pachipata anali mnyamata waulemu. Anaona mafoni athu, n'kufunsa kumene tikupita. Ndinamuyankha m'Chingerezi changa chosakaniza ndi Chiarabu kuti tikupita ku Ruwais kukagula masiki, ndipo ndinaloza pakamwa panga kuti amvetse. Anandiyang'ana, anayang'ana kagalimoto, n'kuseka.

"Habibi, mpaka Ruwais?"

Anatembenuka, anatenga masiki atatu a pakamwa m'kabokosi kake, n'kundipatsa pawindo. Yalla, pitani. Tembo, amene ankalemberana ndi mzungu wake kumbuyo ndipo sanamve chilichonse, anati apolisi a kuno ali na mtima wabwino maningi.

Mzinda wa Abu Dhabi tinaulambalala. Tinadutsa mafakitale a ku Mussafah, msewu n'kuwongoka ngati wajambulidwa ndi rula, mchenga uku, mchenga uku, mapolo a magetsi ndi malole basi. Pafupi ndi Tarif ndinaima pomwetsera mafuta. Anti anathira tiyi, anakhala bwino pampando, n'kuyamba mafunso awo a ntchito.

"Tsono a Tembo, zingwe zake ndi zolowa m'makutu kapena zomanga kunkhongo?"

"Zingwe? Awe Anti, alibe zingwe. Ali na zitsulo zogwira nsapato."

Ine ndi Anti tinayang'anana.

"Nsapato," anatero Anti pang'onopang'ono. "Masiki ogwira nsapato."

"Ee. Nanga azagwira chani?"

Ndinatsika, ndinatsegula buti, ndinamasula chikwama chakuda chija. Munali nsapato ziwiri zapulasitiki, zazikulu ngati zidebe, zokhala ndi zingwinjiri. Tembo anabwera n'kutionetsa chithunzi pafoni. Matabwa! Matabwa aatali atatsamira khoma, awiriawiri, osongoka kumutu.

Anti Halima anavula masiki awo kuti alalate bwino.

"Ana inu! Mwandichotsa pa makina tsiku la Loweruka, mwandibayitsa mphuno, kuti ndidzaone matabwa? Matabwa ndikusoka bwanji ine?"

Ine sindinalalate nthawi yomweyo. Ndinayang'ana chithunzi, ndinayang'ana kagalimoto kanga kokagulira ndiwo, ndinakumbukira galimoto yaikulu ija itangokhala pamthunzi ku Al Twar, ndipo ndinapsa mtima mpaka makutu kutentha.

"Iwe Tembo, sukanatha kunena kuti ndi a kumapazi?"

"Nanga imwe simunafunse! Nakuuzani ofika pachipumi. Masiki ya pankhope yofika pachipumi munaionapo kuti?"

"Ndinafunsa kuti uziona bwanji!"

"Na ine nadabwa kuti mudala uyu afunsa chani!"

Mnyamata wothira mafuta anatiyang'ana ngati tikufuna kumenyana. Anti ndiwo anayamba kuseka, kuseka kwenikweni kogwira m'mimba, mpaka tiyi kutayikira pachitenje. Ine ndinayesetsa kusunga mkwiyo wanga koma unandipulumuka.

Pamenepo Tembo anaulula zonse. Kumalo ozizira kuja, alendo akachoka, antchito ankaloledwa kutsetsereka, ndipo iye anaphunzira mpaka kumatsika kuchokera pamwamba penipeni osagwa. Kapitawo wake wakale anali atalowa kampani yotengera mabanja a kuno kumapiri a ku Georgia, ndipo ankafuna munthu woyenda kumbuyo kwa ana, wowadzutsa akagwa, wodziwa kunena yalla ndi khalas. Anamuitana kuti akamuyese sabata imodzi. Akakhoza, ntchito ndi viza. Koma anayenera kupita ndi masiki akeake, ndipo a m'mashopu a ku Dubai mtengo wake ukanamulanda ndi nsapato zomwe.

"Chabwino," ndinatero. "Nanga zotambalala ndi zofewa zija?"

"Chifukwa sino ya kuphiri ni yofewa."

"Ndiye dzina lake limenelo. Chipale chofewa. Kuli chipale chofewa cholimba?"

"Chiliko, ba Saidi. Ya mu mall ni ya makina, yopondedwa, ili ngati simenti. Ya kuphiri ikagwa ili ngati ufa, ukaponda umamira mpaka m'maondo. Masiki opyapyala amamira. Otambalala, okwera kumutu, amayandama pamwamba. Ndipo ine sindine wophunzira, koma sindine katswiri. Nili pakati. Olimba maningi azanigwetsa pamaso pa ana."

Anatsitsa mawu. "Sininapondepo sino yeniyeni. Niopa, mudala."

Mkwiyo wotsala unathera pomwepo. Ndinamumvera chisoni, ndipo ndinachita manyazi kuti munthu ndimagona naye chipinda chimodzi, ndimadziwa kalizidwe ka mkonono wake, koma sindinkadziwa kuti amatha kutsika phiri. Ndinatseka buti n'kuti tiyeni, mzungu asapereke kwa wina.

Kuchoka pa Tarif Anti anayamba kufunsa ngati ku Georgia kuli mizikiti, ngati kuli matelala, ndiponso ngati matabwawo sangafune thumba. Tembo atati angafune, anaoneka kuti ulendo wawo wapezanso phindu. Tisanafike pa Mirfa anati ndiime awongole miyendo. Ndinapatuka pambali, ndinapitirira pang'ono pamene phula lathera, ndipo tayala lakutsogolo linangoti phwii mumchenga. Ndinaponda mafuta, linalowa kwambiri. Ndinabwerera m'mbuyo, linalowanso.

Tembo anatsika, anayang'ana katayala kaja, n'kunena mokoma mtima kwambiri kuti, "Mwaona, ba Saidi? Opyapyala amamira."

Ndikanakhala ndi mwala pafupi. Koma kumeneko ngakhale mwala kulibe. Tinakumba ndi manja ndi chivundikiro cha kontena ya mandasi, tinaika makapeti a m'galimoto pansi pa tayala, ndipo anyamata awiri a lole ya madzi anaima n'kutikankha. Anti anatsogolera ntchito yonse ataima patali, tepi ikuuluka ndi mphepo. Pa Mirfa tinaswali ya masana mchenga uli m'makutu.

Ruwais tinaidziwa ndi malawi a moto pamwamba pa mapaipi a mafuta. Foni inatilondolera ku geti lolakwika, mlonda anatilozera lina, la kumeneko linatibwezera loyamba, mpaka mzunguyo anachita kutuluka ndi njinga kudzatitenga. Anali bambo wachikulire, wofiira ndi dzuwa, kontrakiti yake itatha. M'nyumba munali makatoni okhaokha. Kukhoma kwa garaja kunatsamira masiki a mitundu itatu.

Oyamba anali opyapyala, aafupi, ofika Tembo pachibwano. Amenewo Tembo sanawagwire n'komwe, anati ndi a simenti ija ya mu mall. Achiwiri anali otambalala, okwera kumutu ngati nsapato ya Mwarabu, amtundu wotuwa wosaoneka bwino, okalika apo ndi apo. Atawaimika anamufika pachipumi. Achitatu, abale anga, anali akuda bii, onyezimira, otambalala kuposa onse, aatali kupitirira mutu wake ndi chikhatho chathunthu. Mzunguyo anati amenewo anagula ali ndi mawondo abwino, ndi a anthu othamanga osaopa imfa. Anati mtengo ndi umodzi, asankhe aliwonse, iye akungofuna garaja itsale yopanda kanthu.

Anti Halima atamva zoti mtengo ndi umodzi, maso awo anawala. Anayeza otuwa ndi tepi, anayeza akuda, n'kugwedeza mutu.

"Palibe nkhani apa. Tenga aataliwa. Udzakuliramo."

"Anti, ine nakula kale. Nili na ana."

"Kukula kwa luso, mwanawe! Lero uli pakati, mawa uli katswiri, ndiye udzabwerenso ku Ruwais? Amene akugula chinthu amagula chokuliramo."

Ine ndinavomereza ndi mtima wonse, chifukwa ndi mmene tinaleredwera tonse. Yunifomu ya sitandade wani imafika m'maondo kuti ikafike sitandade folo. Ndinawonjeza kuti mabwana aku Georgia akakamuona akutsika ndege ndi akudawa adzadziwa kuti kwabwera munthu. Pamenepo ndinaona Tembo akugwedezeka. Anawasisita akudawo, anawapinda pang'ono koma sanapindike. Zonse zimene anatiphunzitsa pa Tarif zinayamba kumuthawa pankhope.

Mzunguyo sanamve Chichewa koma anamva nkhani. Anati kuseri kwa nyumba kuli chulu cha mchenga chimene omanga anasiya, ayese yekha, mchenga sungawaphe tsiku limodzi. Anatenga sikuludiraiva, anasuntha zitsulo kuti zigwire nsapato za Tembo, ndipo tonse tinazungulira kuseri.

Tangoganizani. Dzuwa la masana ku Ruwais, munthu wavala nsapato za chisanu, akukwera chulu chamchenga atasenza matabwa, thukuta kamukamu. Anyamata othirira maluwa anasiya mapaipi awo n'kubwera kudzaonera. Pamwamba Tembo anaponda zitsulo, zinalira kha, kha. Anawerama bwino ndithu, ndinaona kuti munthuyu amadziwa. Anatsetsereka. Pakati pa chulu anapotoza thupi kuti akhote, koma matabwa anakana. Anapotozanso, matabwa anapitiriza ulendo wawo. Anamutenga molunjika ngati ng'ombe yothawa ndi ngolo mpaka m'mpanda wa maluwa, miyendo m'mwamba.

Anyamata a maluwa anaomba m'manja. Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi. Anti anakuwa kuti Yarabi, mwana wa eni! Koma Tembo sanaseke. Anadzimasula, anakhala pamchenga, anavula masiki a kumaso n'kulavula, ndipo anakhala nthawi akuyang'ana matabwa akuda aja. Kuseka kwanga kunazima kokha.

"Nili mwana," anatero, "atate ananigulira nsapato za kusukulu pa msika ku Chipata. Zazikulu. Anati uzakuliramo. Nenze kuika manyuzi kutsogolo, nenze kuzikoka poyenda, anzanga kuniseka. Nsapato zija zinasila, Anti. Zinang'ambika nisanakwanemo."

Anakankha thabwa lakuda ndi phazi n'kupitiriza.

"Ine nilibe chaka chokuliramo. Nili na sabata imodzi. Nikagwa so pamaso pa ana a eni, basi, ndege ya ku Lusaka."

Anti Halima anapita ku garaja okha, anabwera atakumbatira otuwa aja, n'kumuuza kuti aimirire. Anamuimika mowongoka monga amachitira ndi makasitomala awo, anayeza kuchokera pansi mpaka pachipumi, anayeza thabwa, anaika chala pa tepi n'kundionetsa. Zinali chimodzimodzi.

"Awa ndi ako," anatero. "Enawo asiyire eni mawondo."

Tembo anawayesa kamodzi kokha pachulu chija. Anatsika pang'onopang'ono, anakhotera kumanzere, anakhotera kumanja, n'kuima patsogolo pathu mchenga uli fuu. Anangowamasula n'kuwapukuta ndi malaya ake. Mzunguyo anamuwonjezera ndodo ziwiri zogwirizira, anati sakuzifunanso.

Tsono kulowetsa m'kagalimoto. Tinayesa chopingasa, anakana. Tinayesa pawindo, ndinati apolisi atimanga. Mapeto ake tinagwetsa mpando wakumbuyo mbali imodzi, matabwa n'kuyambira m'buti, kudutsa pakati pa ine ndi Anti, mitu yake kukagunda galasi lakutsogolo. Giya ndinkasintha dzanja litadutsa pansi pa thabwa. Anti anakhala chammbali, atakulunga mitu ija ndi chitenje chawo kuti isaswe galasi la bwana, ndipo njira yonse ankayeza ndi zala n'kumawerengera nsalu ya thumba. Tembo anagona kumbuyo atawagwira ndi dzanja limodzi. Tinalowa m'Dubai msana wanga utauma gwa.

Thumba Anti anasoka, la chitenje chamaluwa ofiira, lokhala ndi zipi yaitali imene anachita kulumikiza ziwiri. Ndinamuperekeza Tembo ku bwalo la ndege ndi galimoto yaikulu, ndipo anthu onse pamzere ankayang'ana chinthu chachitali chamaluwacho osadziwa kuti afunse chiyani.

Sabata ija inali yaitali kwa ife otsala. Tembo sanalembe kanthu. Anti ankandiimitsa tsiku lililonse kufunsa ngati ndamva, ine n'kumati inshallah Anti, mwina kumapiri kulibe netiweki. Mumtima ndinkaopa kuti wagwa ndipo akuchita manyazi kutiuza.

Uthenga unafika ndili pashopu pa Anti, ndikudikira thalauza la bwana. Inali vidiyo. Phiri loyera mbee, kamzere ka ana ovala zipewa kakutsika mokhotakhota, ndipo kumbuyo kwawo munthu mmodzi wakuda akutsika modekha, chipale chikufuka m'maondo mwake. Mwana mmodzi anagwa, munthu uja anakhota, anaima pambali pake, anamudzutsa, n'kumusasa chipale kumsana. Pansi pa vidiyo panali mawu awiri okha: "Anitenga, mudala."

Ndinafuula mpaka mwini shopu anatuluka m'kachipinda kake. Anti Halima anaimitsa makina, anavala magalasi, anaonera, anabwereza, anabwerezanso. Anaika chala pa kamunthu kaja pafoni, misozi ikutsika osaipukuta.

"Che Saidi, tamuonani," anatero. "Zikumukwana."